Zigoba ndi Zigaza za M'mbali mwa Mazowe

Ku Shamva kulibe nyanja. Wofuna kuona madzi a mchere ayenera kudzera ku Mutare mpaka akafike ku Beira, ulendo umene ambiri a ife amene tidabadwira m'makomboni a migodi sitidauyendepo. Komabe mtsinje uliwonse uli ndi gombe lake. Mtsinje wa Mazowe ukaphwera m'miyezi ya Meyi ndi Juni umasiya mchenga woyera paliponse pamene wakhota, ndipo pamchengapo umatayapo zonse zimene udakokolola m'dzinja: zitsa, mapesi, patapata mmodzi wopanda mnzake, zigoba za nkhono ndi mafupa a nyama. Anthu ambiri kuno akaona mchenga wotere amaganiza za golide. Ine ndimatolapo zigoba ndi zigaza, katundu wopanda msika, ndipo ndachita zimenezi kwa zaka zoposa 20.

Munthu wotola mafupa sachedwa kutchuka, ndipo satchuka bwino. Kwa ife a mtundu wa ku Malawi nkhani yotere imakula msanga, pakuti kuyambira kale anzathu kuno amatiyesa anthu odziwa mankhwala, mwina chifukwa cha zilombo za gule zimene zimatuluka kukomboni pamaliro ndi pazikondwerero. Makolo athu adafika kuno wapansi kudzera ku Tete, ena pambuyo pake pa malole a Ulere, ndipo adachuluka ndithu pamgodi wa Shamva, kotero kuti pamene antchito pafupifupi 3,500 adanyanyala ntchito m'chaka cha 1927, ambiri mwa otsogolera adali a ku Nyasaland. Adatisiyira mbiri ya anthu olimba mtima, komanso mbiri ya anthu oopedwa. Choncho sindidadabwe pamene mayi wina woyandikana nafe adafunsa akazi anga kuti, "Kodi amayi, bambo akunyumba kwanuwa ayamba using'anga?" Akazi anga adaseka nati, "Using'anga wake uti, munthu woti ngakhale nkhuku amachita kuitana mwana kuti azinge?" Kuyambira pamenepo zotola zanga zimakhala poyera, pakhonde, chilichonse ndi kapepala kake konena tsiku ndi malo amene ndidachipeza. Chinthu cholembedwa tsiku anthu sachiopa kwambiri. Mfiti silemba madeti.

Chigoba choyamba sindidatole ndine. Chidali m'sutikesi ya malata ya malemu bambo anga, pamodzi ndi chitupa chawo ndi zithunzi ziwiri: chigoba cha nkhono ya m'madzi, chachikulu ngati dzira la nkhuku, chimene adachitola pagombe ku Nkhotakota m'mawa wa tsiku limene adanyamuka. Adalonjeza kuti abwerera pakatha zaka ziwiri, akagula njinga ndi makina osokera. Adamwalira kuno ali mtchona. Tili ana ankatilola kuchigwira Lamulungu lokha, atasamba m'manja iwo ndi ife tomwe, n'kumati, "Mwanawe, nkhono za kwathu ndi izi, osati tinthu tanu ta m'zithaphwiti." Ankanena monyoza, koma tinthu ta m'zithaphwito ndi timene tidadzandigwira mtima nditakula, chifukwa tili ndi mlandu pa magazi amene anyamata ambiri a m'kalasi mwathu ankakodza.

Likodzo ku Shamva si nkhani yaying'ono. Kafukufuku wa dziko lonse amene adachitika m'sukulu za pulayimale m'zaka za 2010 ndi 2011 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse m'Zimbabwe pafupifupi 23 adali ndi matendawa, koma m'boma la Shamva adali 62. Kuyambira 2012 boma lidayamba kugawa mankhwala a praziquantel m'sukulu, ndipo mankhwalawa amagwira ntchito zedi. Vuto ndi loti amapha nyongolotsi zimene zili kale m'thupi basi. Mwana amene wamwa lero, mawa akakasambira padziwe lomwe lija amakatenganso zina.

Njira ya matendawa ndi yozungulira. Wodwala akakodzera kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo taswato tiyenera kupeza nkhono yoyenera tsiku lisanathe, apo ayi timafa. Tikaipeza timaswana m'thupi mwake kwa masabata 4 mpaka 6, kenaka timatuluka tambirimbiri, makamaka dzuwa likafika paliwombo, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira ndipo amayi ali pakati pochapa. Timalowa pakhungu losalala lopanda bala lililonse. Popanda nkhono palibe likodzo, ndipo si nkhono iliyonse imene imasunga mlendo ameneyu. Apa ndi pamene kutola zigoba kumaleka kukhala masewera.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi mwambiwu umagwira monga momwe uliri. Tengani chigoba chouma, nsonga yake iloze kumwamba, khomo lake liyang'ane kwa inu. Ngati khomolo lili kudzanja lanu lamanja, lili lalikulu, ndipo chigobacho n'chopyapyala ngati khoko la anyezi, imeneyo ndi nkhono imene akatswiri adaizolowera ndi dzina loti Lymnaea. Likodzo ilibe, koma ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa imazipatsa nyongolotsi zophwatalala za m'chiwindi, zija zimachititsa kuti chiwindi chitayidwe kubutchala ndiponso kuti ng'ombe iziwonda msipu ulipo. Mlimi akaziona zambiri pamalo omwetsa ziweto, ayende kwa alangizi a ziweto akakambirane za mankhwala. Ngati khomo lili kumanzere, chigobacho chili chachifupi, chonenepa ngati nzama, nsonga yake yobuntha, imani kaye. Ameneyo ndi Bulinus, ndipo mtundu wake wotchedwa globosus ndiwo umafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo m'dera lino. Yachitatu ndi yophwatalala ngati batani la jekete, yodzikulunga ngati nkhata, yopanda nsonga. Imeneyo ndi Biomphalaria, ya likodzo la m'matumbo, lija silionekera pamkodzo koma limatupitsa chiwindi ndi kapamba mwakachetechete.

Lamulo la kumanzereli lili ndi malire ake. Pali nkhono ina yotchedwa Physa, imene idachokera ku America, yonyezimira ndi yosongoka, khomo lake kumanzere, koma yosasunga likodzo. Chigoba cha bambo anga chija, cha mtundu wa Lanistes, nachonso khomo lake lili kumanzere ndipo chilibe mlandu uliwonse. Ngakhale pakati pa Bulinus weniweni si onse amene ali ndi tizilombo. Kuti azaumoyo atsimikize amatenga nkhono zamoyo, amaziika m'timabotolo ta madzi pamalo owala, n'kuyang'ana ngati mukutuluka kanthu. Tsono chigoba chimangochenjeza, chigamulo ndi cha akuchipatala. Zigoba zimene zimachuluka kwambiri pamchenga, zija zazitali ndi zokhakhala ngati kanyanga, zimene ana amayambira kutola, ndi za Melanoides ndipo likodzo zilibe. Palinso zija za zigoba ziwiri zotsekana ngati chitseko, zonyezimira m'kati, zimene oumba mbiya ankasalazira dongo. Zimenezi zimadana ndi matope. Kumunsi kwa malo amene anthu akutsuka golide ndimapeza zakale zokhazokha, zofumbwa, zatsopano ayi.

Gulu lathu la dimba limatunga madzi m'kamtsinje kena kothira mu Mazowe. Chaka china m'mwezi wa Seputembala, madzi ataduka n'kutsala maiwe okhaokha, ana angapo a mamembala adapita kuchipatala ndi mkodzo wofiira. Pamsonkhano agogo ena, amene ndi akulu kuposa tonse, adati, "Mwana wanga, ife tidakula tikudziwa kuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti wakula." Sindidatsutsane nawo, pakuti ndi mmene tonse tidamvera tili ana. Ndidangokhuthula zigoba zodzaza kachitini ka machesi palichero n'kunena kuti, "Agogo, izi ndatola paja mumachapira. Tandithandizani kusankha, za khomo lakumanzere uku, zakumanja uko." Adasankha msanga kuposa ife tonse, monga munthu amene wasankha nyemba moyo wake wonse, ndipo mulu wakumanzere udakula mpaka iwo eni adakhala chete. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi ndiye adafotokoza zotsalazo, kuphatikizapo zimene amuna sitikonda kumva, zoti kwa amayi ndi atsikana mazira a likodzo amapanga tizilonda kumalo obisika, ndipo ambiri amanyozedwa kuti atenga matenda a chiwerewere pamene adangochapa mumtsinje. Kafukufuku wina wa m'midzi ya Zimbabwe amene adatuluka mu 2006 adapeza kuti HIV inkapezeka kwambiri mwa amayi a tizilonda timeneti kusiyana ndi anzawo.

Tidagwirizana zinthu zazing'ono: kukumba chimbudzi kudimba, kuzula udzu ndi kuchotsa mapulasitiki pamalo ochapira chifukwa ndimo nkhono zimakangamira, ndi kusambitsa ana aang'ono madzi amene agona m'diramu masiku awiri, popeza tizilombo tija sitikhala ndi moyo kupitirira pamenepo tikasowa munthu. Anyamata okulirapo akusambirabe m'maiwe, ndipo sindiwaimba mlandu kwambiri. Amene adakhalapo ku Shamva mu Okutobala akulidziwa dzuwa lake.

Kuyang'ana zigoba kudathandizapo anthu kutali ndi kuno. M'chaka cha 1964 katswiri wina wa ku Ethiopia, Aklilu Lemma, ali kufupi ndi Adwa, adaona kuti kumunsi kwa malo ochapira kudali nkhono zakufa zambiri pamene kumtunda kudali zamoyo. Amayi a kumeneko ankachapira zipatso za chitsamba chotchedwa endod, ndipo thovu lake ndilo linkapha nkhono. Chitsamba chomwecho chimamera m'Zimbabwe muno, Ashona amachitcha gopo, ndipo akatswiri a Blair Research Laboratory ya ku Harare adachiyesa pamodzi ndi anthu a ku Guruve m'zaka za m'ma 1990. Koma gopo amaphanso tinsomba, kotero si chinthu choti munthu angothira padziwe la mudzi mwa yekha.

Zigaza zili ndi chilankhulo chawo, ndipo chimayambira pa mano. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa, gwape ndi mbawala zilibe mano akutsogolo kumwamba; pamenepo pamakhala fupa losalala, kenaka mpata, kenaka mano otafunira. Bulu ali nawo mano akutsogolo m'mwamba ndi m'munsi momwe, choncho chigaza chachitali chopanda nyanga chokhala ndi mano akumwamba si cha ng'ombe ngakhale wina alumbire. Galu ndi nkhandwe ali ndi mano 42, anayi aatali osongoka ndi ena akumbuyo odula ngati sizasi. Ntchenzi ili ndi mano akutsogolo ofiirira ngati lalanje, ndipo akumwambawo ali ndi timizere titatu. Kalulu amabisa timano tiwiri tating'ono kuseri kwa mano ake aakulu akumwamba, chinthu chimene khoswe ndi nungu alibe. Alenje ambiri amene adya akalulu osawerengeka amadabwa ndikawaonetsa. Mutu wa mlamba ndi wophwatalala ndi wokhakhala ngati khasu ladzimbiri, ndipo umachuluka pamatope a maiwe ouma.

Chigaza chimene chimaimitsa mtima ndi cha nyani kapena pusi. Maso ake ayang'ana kutsogolo monga athu, mano ndi 32 monga athu, ndipo cha mwana wa pusi chimakhala chozungulira kotero kuti munthu amabwerera m'mbuyo. Kamwa lotalika ndi mano aatali a yamphongo ndizo zimasiyanitsa. Mukakayika, musachigwire. Magombe akamagumuka amafukula manda akale, ndipo fupa lililonse looneka ngati la munthu ndi nkhani ya amfumu ndi apolisi, osati ya pakhonde.

Mano amanenanso zaka. Mbuzi imabadwa ndi mano a mkaka ang'onoang'ono, ndipo ikakwanitsa chaka kapena kupitirira pang'ono awiri apakati amaguluka n'kumera aakulu; awiriawiri amatsatira mpaka akwane 8 ikamafika zaka 4. Ng'ombe imamera awiri oyamba aakulu ili ndi zaka pafupifupi 2, ndipo onse 8 amakwana pakati pa zaka 4 ndi 5. Nzeru imeneyi idapulumutsapo mnyamata wina wotsuka golide. Mlimi wina mbuzi yake yosakwana chaka idasowa, ndipo patapita milungu ingapo padapezeka chigaza cha mbuzi pafupi ndi msasa wa mnyamatayo. Mlandu udapsa nthawi yomweyo, pakuti otsuka golide amaganiziridwa chilichonse chikasowa. Amfumu adandiitanitsa, mwina mwanthabwala, kuti wa mafupa uja adzaone. Chibwano chidali pomwepo. Ndidafunsa mwini mbuzi kuti, "Achimwene, mbuzi yanu idali itagulula kale mano?" Adati ayi, idali kamsoti. Ndidawapatsa chibwanocho kuti awerenge okha: mano aakulu 8, operepeseka mpaka kufupika, a mbuzi yokalamba imene mwina madzi adabwera nayo kuchokera kumtunda. Mbuzi yawo siidapezeke, koma mnyamata uja sadalipe.

Zaka za chilala ndizo zimadzaza gombe ndi zigaza za ng'ombe. Mu 1992 dziko lino lidataya ng'ombe zoposa miliyoni imodzi, ndipo mu 2024 boma lidalengezanso kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko lonse. Zigaza zimene ndidatola pambuyo pa chilala cha 2024 zambiri zidali za ng'ombe zokalamba za mano otha, zimene sizikadatha kubudula udzu waufupi wouma. Mlimi amene amatsekula kukamwa kwa ng'ombe zake mu Epulo, mvula ikavuta, amadziwa yoti agulitse idakali ndi mnofu. Ambiri timaikonda ng'ombe yakale chifukwa idatilimira zaka zambiri, ndipo chikondi chimenecho chimathera pamchenga wa Mazowe.

Si fupa lililonse loyenera kutola. Ng'ombe yofa mwadzidzidzi, yotupa msanga, yotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno ndi kumbuyo, ikhoza kukhala ya anthrax, matenda amene Ashona amati tungundu. Mbewu zake zimakhala m'dothi zaka makumimakumi, ndipo pakati pa 1978 ndi 1980, nkhondo itasokoneza katemera wa ziweto, anthu oposa 10,000 adadwala matendawa m'dziko lino. Nyama yotere siyisendedwa, siyidyedwa, mafupa ake satoledwa. Amaitana achipatala cha ziweto. Mutu wa galu kapena nkhandwe imene yafa ikuchita zachilendo nawonso ndi wa achipatala cha ziweto, chifukwa chiwewe chimayezedwa mu ubongo. Ine ndimatola zouma zokha, zoyera kale ndi dzuwa, dzanja nditaliveka jumbo, ndipo zigoba ndimatola pamchenga wouma, osaponda m'madzi. Chigaza chikakhala ndi zotsalira ndimachivundikira ndi dengu lakale lopanikiza ndi mwala pafupi ndi una wa nyerere, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu nyerere zimakhala zatsiriza ntchito. Kuwiritsa kumagulula mano, ndipo Jik amafumbutsa fupa.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Nkhalango yotetezedwa ya Umfurudzi ili pafupi nafe, ndipo malinga ndi Parks and Wild Life Act ya 1975 nyanga, chikopa kapena chigaza cha nyama ya kutchire si chinthu chongotola n'kusunga popanda chilolezo. Mnyanga wa njovu, nyanga ya chipembere ndi mamba a ngaka ndizo zoopsa koposa, pakuti opezeka nazo akhala akulandira zaka 9 kundende, ndipo kunena kuti ndidangotola sikumasula munthu. Zoterozo amazisiya pomwe zili n'kukauza oyang'anira nyama. Pakhonde panga pali za ziweto, za ntchenzi, za akalulu ndi za nsomba. Zigaza za nyama zikuluzikulu, wofuna kuziona bwino akazione ku Natural History Museum ya ku Bulawayo.

Chigoba cha m'nyanja ya mchere chidafikapo m'chigwa chino kale kwambiri, ife tisanabwere. Ndicho mpande, imene Ashona amati ndoro: tsinde lozungulira la chigoba cha nkhono ya ku Indian Ocean, loyera, la mzere wopota, limene mafumu ndi anthu a mizimu ankavala pamphumi kapena pachifuwa. Amalonda ankakwera nazo mumtsinje wa Zambezi kudzagula golide wa dera lomwe lino, ndipo Apwitikizi ataona mtengo wake adayamba kubweretsa zoumba zofanana nazo kumisika yawo monga Dambarare, umene Changamire adauwononga mu 1693. Kumpoto kwa Zambezi mpande idali yolemekezeka chimodzimodzi, kotero kuti mu 1854 mfumu Shinde ya Alunda idapatsa David Livingstone imodzi ngati mphatso yapamwamba. Madzi a Mazowe amathira mu Luenha, Luenha mu Zambezi kumunsi kwa Tete, njira yomweyo imene mpande idakwerera ndi imene bambo anga adaidutsa ndi chigoba chawo m'thumba.

Golide amene adakoka mpande akukokabe anthu, ndipo ndi amene wandipatsa malo atsopano otolako. M'mbali mwa timitsinje tothira mu Mazowe mwadzaza maenje osiyidwa ndi otsuka golide. Mvula ikagwa amasanduka maiwe a madzi odekha, ofunda, a udzu m'mphepete, pafupi ndi misasa yopanda zimbudzi. Bulinus amatha kudzikwirira m'matope n'kudikira chilimwe chonse mpaka madzi abwerere. Dzenje lina limene lidakumbidwa zaka zitatu zapitazo kumunsi kwa dimba lathu, chaka choyamba ndidapezamo achule okha. Mu Ogasiti wathayu ndidatola m'mphepete mwake zigoba 14 za khomo lakumanzere, ndipo pamatope padali mapazi a ana. Ndidazikulunga m'pepala, ndidalembapo tsiku ndi malo, n'kukazipereka kwa mlangizi wa zaumoyo, amene adapita nazo kuchipatala Lolemba lotsatira.